Onse Ndinawauza Kuti Lowani

Chaka chino ndi 2025, ndipo ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi. Ndatchula zaka poyamba kuti amene akufuna kuseka adziwe kuti akuseka munthu wamkulu.

Lamulungu lapitali ndinachoka pa mpando wa komiti ya zomangamanga kutchalitchi kwathu. Palibe anandikankha. Ndinavomera ndekha, mokweza, pamaso pa mboni. Chovuta n'chakuti sindinadziwe chimene ndinali kuvomera.

Ndifotokoza mwadongosolo. Musandifulumize.

Bambo anga anachokera kum'mawa kudzagwira ntchito ya njanji kuno ku Kafue. Pakhomo pawo, kuseri kwa siteshoni, panali lamulo losakambirana: munthu akati "odi", iwe uziti "lowani". Dzina ufunse atakhala pansi. Tsiku lina ndili mwana ndinaimika mlendo pakhomo n'kumufunsa chimene akufuna. Bambo anandinyamula ndi khutu kuchokera pakhonde mpaka kukhitchini. Linali lakumanzere. Mwina mavuto ake anayambira pamenepo.

Sukulu ndinalekera Sitandade 6. Chizungu ndimawerenga, pang'onopang'ono, chala chili pa mzere. Sindinasainepo pepala ndisanaliwerenge. Akalaliki a kuboma amandidziwa, akandiona pa mzere amapumira m'mwamba.

Tsono khutu lakumanzere lija linayamba kutseka zaka zingapo zapitazo. Lakumanja likutsatira linzake. Sindinauze munthu. Mwamuna amene anakhala moyo wake wonse pakati pa makina a fakitale sapita kwa mkazi wake kukalira za khutu.

Ndinapeza njira. Munthu akamalankhula ndimamuyang'ana mwaukali. Akatseka pakamwa ndimakhala chete pang'ono. Kenako ndimati, "Chabwino." Anthu anayamba kunena kuti Ba Tembo ndi munthu wozama, sataya mawu. Ndinawasiya aganize choncho. Ndani amakana ulemu waulere?

Foni ya pakhomo pathu ndi imodzi. Anatigulira mwana wathu Esinati, amene amakhala ku Estates, dera lina la Kafue konkuno, n'kumakwera minibasi m'mawa uliwonse kupita kuntchito ku Lusaka. Foniyo masana ndi yanga, nthawi zina ndi ya amake, ndipo anansi akasowa yawo imakhala ya anansi.

Mwezi watha amake Esinati anapita kumsika kukadikira amayi a nsomba ochokera ku Chanyanya. Ine ndinatenga foni, ndinapita kuseri kwa khola la nkhuku, ndinakhala pa njerwa. Ndi chala chimodzi ndinalemba kuti ndikufuna kuona timakina ta m'makutu.

Tsamba lisanatseguke bwino, kabokosi kanatulukira pakati. Ndinawerenga mizere iwiri yoyamba. Kanati eni tsambalo amalemekeza kwambiri zinsinsi zanga, ndipo akupempha chilolezo choika makuki. Makuki sindinawadziwe. Sindinafunsenso, chifukwa ndikanafunsa yani, ndili kuseri kwa khola? Koma ulemu ndinauzindikira. Munthu waima pakhomo, wavula chipewa, wapempha. Ameneyo ndi odi.

Pansi pake panali batani lalikulu lobiriwira lolembedwa kuti Accept all, ndiko kulola onse. Pafupi nalo panali timalemba totuwa, tating'ono ngati nsabwe za nkhuku. Ndinayesa ndi zokongoletsa.

Ndinadina lobiriwira.

Tsamba lachiwiri, odi winanso. Lowani. Lachitatu, lowani. Ine amene ndimavutitsa kalaliki chifukwa cha mzere umodzi wa pepala! Ndinaona timakinato, ndinatseka zonse, ndinapukuta galasi la foni ndi malaya kuti pasatsale chizindikiro, n'kubwerera m'nyumba ngati munthu wochokera kukaona nkhuku.

Safunsa anadya phula. Ine ndinadya ndi njuchi zomwe.

Tibwere ku Lamulungu. Denga la tchalitchi limadontha mbali ya amayi, ndipo mvula ili pafupi. Mapemphero atatha komiti inakhala m'kachipinda ka kuseri. Ine pa mpando. Amake Esinati analipo, chifukwa ndiwo amaimira amayi a chigwirizano. Analiponso Ba Mwanza, amene kale anali ndi minibasi ziwiri ndipo mpando wangawo akhala akuuyang'ana ngati galu woyang'ana fupa la mnzake. Ba Mwanza amakonda kukhala kumanzere kwanga. Tsopano ndikudziwa chifukwa chake.

Ndinali nditapeza tsamba losonyeza mitundu ya malata. Ndinatsegula, ndinapereka foni kuti izungulire. Ndinanyadira pang'ono. Nkhalamba ya Sitandade 6 kubweretsa intaneti m'komiti!

Foni inafika kwa Ba Mwanza. Inakhalitsa. Anaiyandikitsa kumaso, anaitalikitsa, anasonyeza amene anali pambali pawo. Uyo anagwira pakamwa. Amake Esinati anayamba kuyang'ana maluwa a pa chitenje chawo.

Kenako Ba Mwanza analankhula. Analankhula motsitsa, dzanja lili pachifuwa, nthawi yaitali. Ndinaona milomo ikuyenda. Ndinamva mawu amodzi okha, "tcheyamani". Atamaliza, onse anandiyang'ana. Phazi langa linapondedwa pansi pa tebulo. Ndinalisuntha.

Ndinachita zanga za masiku onse. Ndinawayang'ana Ba Mwanza mwaukali. Ndinakhala chete. Kenako ndinati, "Chabwino. Ndavomera."

Anaomba m'manja pang'ono. Ba Mwanza anaimirira n'kundigwira dzanja ndi manja awiri. Mumtima ndinati: munthu uyu malata amawakonda.

Pobwerera, titadumpha njanji, amake Esinati anazungulira n'kubwera kumanja kwanga.

"Imwe! Mwaziba chamene mwavomela?"

"Malata."

"Malata yati? Mwazichosa pa mpando mweka!"

Ndinaima. Njinga inandiimbira belu, ndinaiona itadutsa kale.

Anandifotokozera mokweza, pamsewu, anthu akudutsa. Pakati pa tsamba la malata lija panatulukira chithunzi cha khutu lalikulu, kamakina kali m'kati mwake, ndi malemba ofunsa ngati ndatopa ndi kusamva. Pansi pake khutu lina. Ba Mwanza anati, "Ba tcheyamani, taona mufunafuna tumakina twa m'matu. Si vosekesa iyayi, ni ukulu chabe. Mwina mupumuleko, ine nigwilileko mpando mpaka matu yakhale bwino. Muvomela?"

"Ndipo inu munangokhala duu?"

"Nani anakupondani phazi? Mngelo?"

"Ndinayesa ngozi."

"Ngozi katatu?"

Pamenepo ndinachita chimene amuna timachita tikagwa: ndinafuna wondigwetsa. Ndinati ndiwo anauza anthu za khutu langa. Anaseka mpaka kugwira mpanda wa anthu.

"Ine? Foni yanu ndiye ili na kamwa! Mwezi wonse, nikasegula kuti nione mau ya nyimbo, khutu. Nifune kuona za mvula, khutu. Amake Mabvuto anabweleka kuti aone mapatani ya madilesi, anabweza ati, amake Esi, foni yanu yamela matu."

"Ndiye munadziwa mwezi wonse?"

"Mwezi? Bashi Esi," anandiitana, ndiko kuti bambo ake a Esinati, "muganiza niyendela kumanja kwanu chifukwa kuli mthunzi? Chaka chachitatu chino."

Ndinayambanso kuyenda. Ulendo uno ndinali nditamva.

Lolemba Esinati anatsika minibasi pafupi ndi kwathu m'malo mopitirira ku Estates. Amake anali atamuimbira. Anakoka mpando n'kukhala kumanja kwanga osauzidwa. Ndiye kuti nayenso. Pakhomo panga aliyense ankadziwa chinsinsi changa, ine ndekha ndi amene sindinadziwe kuti chinatha kale.

"Atate, nipaseni foni. Aka kabokosi mwenze kudina si moni. Ni pangano."

Anandifotokozera, ndipo ndikupatsirani m'mawu anga, chifukwa ake anali ndi Chizungu chambiri.

Kale pa siteshoni katundu akafika, kalaliki ankalemba choko pa thumba lililonse kuti alizindikire likabweranso. Kuki ndi choko chimenecho. Tsamba lililonse limene mwalowa limalemba kachizindikiro m'foni mwanu. Mukabweranso, limati: uyu ndi uja.

Zina mwa zizindikirozi ndi zofunika. Zimakumbukira kuti munalowa kale ndi mawu anu achinsinsi, kuti mumafuna chilankhulo chakuti, kuti munasankha chakuti. Popanda zimenezo tsamba limakuiwalani mukangotembenuka. Zimenezo sizikanidwa, ndipo sindikangana nazo.

Zina ndi zowerenga mapazi: mwalowera kuti, mwaima pati, mwatulukira kuti.

Ndiye pali zachitatu, za amalonda. Amenewa si eni nyumba. Ndi anzawo a eni nyumba. Amakulembani choko kunyumba ya timakina ta m'makutu, ndipo popeza ali ndi mpando kunyumba ya malata, kunyumba ya nyimbo ndi kunyumba ya mvula, kulikonse kumene mwalowa amakuonani choko pamsana n'kufuula kuti, "Bwana wa khutu uja wafika!"

Esinati anadina timalemba totuwa tija. Sitinali zokongoletsa. Tinali chitseko. Kuseri kwake kunali maina a anzawo a eni tsamba. Anayamba kukoka ndi chala. Maina anapitirira. Tiyi wanga anazizira, maina akupitirirabe.

"Onsewa ndinawauza kuti lowani?"

"Bonse, atate. Na bana babo."

Amake anaseka kukhitchini. Kuseka kumeneko ndinakumva bwino. Khutu limasankha.

Tsono mverani, chifukwa ndalipira ndi mpando kuti ndidziwe zimenezi.

Kabokosiko kakabwera, musathamangire lobiriwira. Funani pamene palembedwa Reject all, ndiko kukana onse osafunika. Pakasowa, dinani timalemba tating'ono tonena za kusankha nokha. M'katimo muzimitse zonse zimene zikulola kuzimitsidwa. Yang'ananinso bwino, chifukwa ena amabisa kachitseko kachiwiri kumene amalonda anadzilowetsa okha ati ali ndi zifukwa zomveka. Amenewonso atulutseni. Pomaliza dinani posunga zimene mwasankha. Chenjerani: batani lobiriwira lija limakudikirani pansi pomwepo, likumwetulira, kuti chala chotopa chiterereke.

Esinati anandipatsa foni kuti ndiyese ndekha. Ndinapeza tsamba latsopano. Odi anabwera. Chala changa chinapita chokha ku lobiriwira, ngati mbuzi yodziwa njira ya kudimba. Ndinachibweza. Ndinadina kukana. Ndinadikira kuti foni ikwiye.

Tsamba linatseguka bwinobwino.

Ndinakana munthu pakhomo, ndipo palibe anandikoka khutu. Zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi, ndiye ndiphunzire zimenezi kwa mwana amene ndinamuphunzitsa kumanga nsapato.

Esinati sananame kuti malonda atha. Anati abwerabe, koma ngati alendo osadziwa matenda ako. Anatinso pa tsamba lililonse latsopano uyenera kukananso, palibe kukana kamodzi kokwanira onse. Ndipo ukafuna kufufuza za m'thupi mwako pa foni ya anthu ambiri, pali katsamba kachinsinsi kamene ukatseka kamafufuta choko chake. Kupukuta galasi ndi malaya sikuthandiza. Anandiuza zimenezo osaseka. Ndinamlera bwino.

Kenako mkwiyo unandigwira. Ndinati awathamangitse onse amene analowa kale, asatsale ndi mmodzi yemwe. Esinati ananena kanthu, koma anali atatembenukira kwa amake. Ndinaona kuti akudikira yankho. Mukudziwa kale chimene ndinanena.

"Chabwino."

Iye anali kundichenjeza kuti akafufuta zonse, zizindikiro zabwino zipita limodzi ndi zoipa, ndipo ndidzafunika kukumbukira mawu achinsinsi olowera ku makalata anga a pa intaneti. Mawuwo ndinawaika ndekha chaka chatha, sindinauze munthu, chifukwa ndine munthu wosunga zinsinsi. Ndinawasunga bwino kwambiri moti ine ndemwe sindikuwapeza. Akonzi, ndicho chifukwa chake ndemanga ino yafika yolembedwa pamanja, m'chikwama cha Esinati.

Sekani. Koma mukatha kuseka, mundiyankhe.

Inu amene makutu anu ali bwino, amene munafika Giredi 12 ndi kupitirira, mumadina liti? Lachiwiri ndinakwera minibasi kupita kutauni. Mtsikana amene ndinakhala naye, wovala bwino, foni yodula, kabokosi kanamutulukira. Chala chake chinafika pa lobiriwira maso asanafike. Ine ndinawerengako mizere iwiri. Iye ayi.

Ndipo mumafufuza chiyani? Chotupa chimene simunauze akazi anu? Ntchito ina, abwana anu asakudziwa? Mimba imene simunaululire amayi anu? Amene anapanga zinthu zimenezi amaganiza kuti foni ndi ya munthu mmodzi, ngati mswachi. Kuno kwathu foni ndi mbale ya ndiwo. Imazungulira. M'mawa ili kwa bambo, masana kwa mayi, madzulo mwana akulembera ntchito ya kusukulu, Loweruka yabwerekedwa pamaliro. Chimene munanong'oneza kuseri kwa khola chimakafuulidwa m'manja mwa wina.

Ndifunsenso eni masamba. Ngati mumalemekezadi zinsinsi zanga, bwanji inde ndi wamkulu ndi wobiriwira, pamene iyayi ndi wotuwa ngati wodwala? Bwanji kuvomera ndi kudina kamodzi, koma kukana ndi ulendo? Wogulitsa nsomba akaika zazikulu pamwamba, zowola pansi, timadziwa dzina lake. Inu tikutchuleni chiyani?

Koma ndisawaunjikire zonse. Matendawa ndi athu. Tinaleredwa kuti kukana ndi mwano, kufunsa kawiri ndi umbuli. Kumisonkhano timagwedeza mitu, tikatuluka n'kumafunsana kuti, "Ati chiyani?" Dokotala akalankhula timati inde, tikafika kunyumba sitidziwa ngati mapiritsi ndi a m'mawa kapena a madzulo. Ine ndinali ndi chifukwa, khutu linafa. Ambiri a inu makutu ndi amoyo, chimene chinafa ndi mawu akuti "bwerezani, sindinamve".

Ndaganiza za lamulo la bambo anga sabata yonseyi. Sanalakwe. Mlendo wawo ankabwera yekha, nkhope poyera, ankadya nshima, ankatsanzika. Mlendo ndi mame, amatero akale. Awa a pafoni si mame. Amabwera gulu kuseri kwa mmodzi waulemu, ndipo satsanzika. Ndinaiwalanso theka lachiwiri la lamulolo. Bambo ankati lowani, inde, koma mlendo ankathera pabalaza. Kuchipinda sankafika. Ine ndinatsegula nyumba yonse, n'kuwasonyeza ndi pansi pa bedi.

Lachitatu ndinakumana ndi Ba Mwanza pamsika. Anafuula kuchokera kutsidya kwa mabenchi a tomato.

"Ba Tembo! Shani matu, yali bwanji?"

"Yamva zimenezo," ndinayankha. "Denga shani?"

"Tikali kukambilana."

"Mvula sikambirana."

Amake Esinati akuti ndibwerere kukomiti ndikanene kuti sindinamve, mpando ubwezedwe. Ndakana. Ndinavomera pamaso pa mboni, ndipo mwamuna sameza malovu amene walavula. Komanso, ndinene motsitsa, Ba Mwanza sananame. Tcheyamani amene samva akuyendetsa chiyani? Ndikudziwa zingati mwa zimene ndinavomera m'kachipinda kaja zaka zitatuzi? Mwina utoto wachikasu wa pakhoma lakutsogolo, umene ndimautukwana mumtima Lamulungu lililonse, ndinauvomera ine.

Kuchipatala ndikupita sabata ya mawa. Sindinavomere mosamva ayi. Amake Esinati anandifunsa ali kumanja, mokweza, ndipo ndinati abwereze. Anabwereza. Ndinaganiza. Kenako ndinati inde. Ndi inde woyamba wa chaka chino amene ndikumudziwa kumene akupita.

Tsono ndiwerenge zotayika, monga tinkachitira kufakitale moto ukazima.

Mpando umodzi, uli kwa Ba Mwanza.

Makalata anga onse, ali kuseri kwa chitseko chimene ndinakhoma ndekha.

Mbiri ya munthu wozama, yapita, ndipo sibwerera.

Chinsinsi chimodzi, chimene ndapeza kuti ndinkabisira nkhuku zokha.

Khutu lakumanzere sindiliwerengera, linapita kale.

Kumanja sikunatayike kanthu. Amake Esinati akadali komweko.